Pajala, Kumene Mtsinje Udagaŵa Abale

Inu aŵerengi a m'malire, amene mumalima ku Angónia n'kukagulitsa mbatata pa Lizulu, tamvani za boma lina la ku Sweden lotchedwa Pajala. Lili kumpoto kwenikweni, moti mu Juni dzuŵa sililoŵa ngakhale pakati pa usiku. Dera lake ndi lalikulu, nkhalango ndi madambo okhaokha, koma anthu ake ndi pafupifupi 6,000 basi.

Kum'maŵa kwa bomali kuli mitsinje ya Muonio ndi Torne. Kale tsidya lino ndi tsidya linalo linali dziko limodzi. M'chaka cha 1809 Sweden adagonja pankhondo ndi Russia nataya Finland, ndipo akuluakulu adapangana ku Fredrikshamn kuti malire atsate mitsinjeyi. Anthu a pachibale adagona ali amodzi, n'kudzuka ali m'maiko aŵiri. Koma kukwatirana sikudalekeke ai. Ukwati woolokera tsidya uli ndi dzina lakelake, poikkinainti.

Chinenero chao ndi mphukira ya Chifinishi, ndipo eni ake amachitcha Meänkieli, ndiye kuti "chinenero chathu". Apa mpamene padaŵaŵa. Kuyambira 1888 boma lidayamba kutsegula sukulu zophunzitsa m'Chiswidishi chokha, ndipo ana ambiri ankalangidwa akamveka akulankhula cha kwao, ngakhale panthaŵi yopuma. Chiletso chimenechi chidachotsedwa mu 1957, koma manyazi anali ataloŵa kale m'nyumba. Makolo ena adaleka okha kulankhula chinenerochi kwa ana ao, poganiza kuti akuŵachitira zabwino. Amene adaphunzira nthaŵi ya atsamunda kuno safuna kufotokozeredwa zimenezi. Mu 2000 ndi pamene lamulo lidavomereza Meänkieli ngati chinenero cha m'dzikomo, ndipo mu 2023 bungwe lofufuza nkhanzazo lidapereka lipoti lake ku boma.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi nkhani ya maina. Kumeneko dzina la banja kaŵirikaŵiri linali la pamalo, osati la bambo. Mwamuna akaloŵa chikamwini pa munda wa apongozi ake, ankatenga dzina la mundawo, ndipo akasamuka dzinanso linkasintha. Dzina lofala la Niemi, mwachitsanzo, limangotanthauza mtunda woloŵa m'madzi. Pambuyo pake mabanja ambiri adasiya maina otere natenga ena omveka Chiswidishi. N'chifukwa chake mdzukulu wofuna kudziŵa mtundu wake lero amakafufuza m'mabuku a tchalitchi, momwe abusa ankalemba munthu aliyense pansi pa mudzi ndi munda wake, nthaŵi zina agogo mmodzi yemweyo n'kupezeka ndi maina aŵiri kapena atatu.