Mitanda iwiri ya bambo

Munayamba mwawawerengerapo mitanda ya nsima bambo anu okubalani? Ine ndimatero madzulo alionse, ndipo ndikuuzeni, manyazi ake sazolowereka. Munthu amene anakulipirira fizi, amene mbale yake inkayamba kupakulidwa pakhomo, lero iwe ndi amene ukusuzumira m'mbale mwake n'kumati, "Bambo, iwiri yakwana."

Timakhala ku Area 9. Musathamangire kutiyesa mabwana, nyumbayi bambo anaipeza kalekale ali m'boma, ndipo penti yake imachita kuulula kukula kwa penshoni. Koma moyo wa kuno mukuudziwa: mpanda, geti, galimoto. Kwa zaka zoposa 25 bambo ankatuluka m'nyumba n'kulowa m'galimoto, kutsika ku Capital Hill, kukhala pampando mpaka 5 koloko, kubwerera. Komatu nsima ankadyabe ija ya kwathu ku Dedza, ya mnyamata wolawirira kumunda kusanache. Khasu linatsala kumudzi, mbale yokha ndi imene inabwera nawo m'tauni.

Chaka chatha anayamba ludzu losatha. Usiku kudzuka kanayi. Lamba wa thalauzi anachita kumuboola bowo lina. Amayi ndi amene anaona nyerere zitaunjikana pachimbudzi, akumbukira zimene anamva kwa anzawo a kumvano, n'kuwakakamiza kupita kuchipatala. Anawabaya chala m'mawa asanalawe kanthu, kamakina kanaonetsa 240. Anesi anati munthu akamapezeka ndi 126 kapena kuposa asanadye, amenewo ndi matenda a shuga. Anawalimbitsa mtima kuti sali okha, ndipo n'zoona, kafukufuku wa m'dziko muno wa 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali nawo.

Bambo anangoti, "Koma ine mu tiyi ndimathira timasipuni tiwiri tokha."

Inenso ndinkaganiza choncho, ndi bayoloje yanga yonse ya Folomu 4. Kodi inu mukamva zoti shuga, simuganiza za uja wa m'paketi? Chonsecho shuga wambiri amene Mmalawi amadya satsekemera n'komwe. Ufa wa chimanga, magawo pafupifupi 7 mwa 10 ndi sitachi, ndipo sitachiyo ndi tishuga tating'onoting'ono, timene achipatala amati gulukosi, totungidwa ngati mikanda pa ulusi. Lilime silimva kutsekemera chifukwa ulusi sunaduke. Tayesani kutafuna kachidutswa ka buledi kwa mphindi ziwiri osameza, mumva kayamba kuzuna. Amenewo ndi malovu ayamba kudula ulusi uja. Nsima paja timangomeza, ndiye ntchito yaikulu imakachitikira m'matumbo aang'ono, mikanda imayoyoka n'kulowa m'magazi. Mpunga wa Kilombero, mbatata, kondowole, mandasi, thobwa, njira yake ndi yomweyo.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Magazi onse a munthu wamkulu, malita pafupifupi 5, amayenda ndi shuga wongokwana kasipuni kamodzi ka tiyi, magalamu 4 kapena 5 basi. Pamene mitanda itatu yabwinobwino imatha kubweretsa magalamu oposa 100 nthawi imodzi. Ndiye tangoganizani chipwirikiti chimene chimachitika m'thupi inu mutasamba m'manja, mukutokosa m'mano. Kapamba amatulutsa insulini, imene imauza minofu ndi chiwindi kuti zilandire katunduyo msanga. Chiwindi ndi kankhokwe kakang'ono, kamasunga magalamu pafupifupi 100. Minofu imasunga cha m'ma 400. Wolima amakhuthula nkhokwezi tsiku lililonse, mawa zimalandiranso. Wokhala pampando nkhokwe zake zimagona zodzaza, ndiye zotsalazo thupi limazisandutsa mafuta, mimba ija timaiombera m'manja kuti zinthu zikuyenda. Zaka zikamapita thupi limayamba kugonthera insulini, kapamba amafuula mpaka kutopa, shuga amangoyandama m'magazi. Impso zimayamba kumutayira mumkodzo, ndipo iye potuluka amakoka madzi. Ludzu lija ndi limenelo, nyerere zija ndi zimenezo.

Titabwerako kuchipatala panabuka nkhondo ya ufa. Aliyense wobwera kudzazonda matenda mawu ake anali amodzi, mgaiwa. Bambo anakanitsitsa. Kwa iwo mgaiwa ndi fungo la sukulu yogonera komweko, komanso la 2002, chaka chimene abale athu kumudzi ankalimbirana madeya. Amayi nawo zinawapweteka mwa mtundu wina. Ufa wawo woyera sagula m'shopu. Amakonoletsa chimanga, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika pamphasa kuseri kwa nyumba, kenako kuchigayo. Zaka zonsezi ufa umenewu ndi umene unali ulemu wawo pamaso pa alendo. Tsiku lina ndinawapeza kukhitchini atangokhala, anandifunsa chapansipansi, "Ndiye anthuwa akuti ndawadwalitsa ndine?"

Funso limeneli ndi limene linandifufuzitsa, ndipo zimene ndinapeza mwina zikudabwitsani. Akatswiri a ku Bunda, ku LUANAR, anatulutsa kafukufuku mu 2016. Anadyetsa anthu nsima ya mitundu itatu ya ufa n'kumayeza mmene shuga akukwerera m'magazi, poyerekeza ndi gulukosi weniweni amene anamuika pa 100. Nsima ya ufa wokonola koma wosaviika inafika cha pa 110, ya mgaiwa pa 94, ya ufa woviika ngati wa amayi pa 65. Eti, mgaiwa wotamandidwa uja kukwera kuposa woyera. Musatengeke kwambiri, anthu ake anali 11 okha, ndiponso mgaiwa uli ndi gaga komanso kamtima ka chimanga, momwe muli zofunika m'thupi zimene kukonola kumataya. Koma ine ndinatolapo chimodzi: tinkakangana za mtundu wa ufa pamene nkhani inali pa kukula kwa mulu wa m'mbale.

Apa ndi pamene ndinadziyesa dokotala, ndipo mbali imeneyi sindiinena monyadira. Ndinaonera timavidiyo ta pa YouTube ta azungu onena kuti siyiranitu zonse za sitachi. Ndinalamula kuti nsima, mpunga, buledi, zonse zichoke. Bambo, chifukwa cha mantha, anamvera mwana wawo wophunzira. Mapiritsi awo a glibenclamide ankamwabe m'mawa ulionse. Tsiku lachitatu, Loweruka cha m'ma 11 koloko, ndinawapeza pakhonde thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, nyuzipepala ili pansi. Anandiyang'ana n'kunditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale.

Ine miyendo inazizira. Amayi sanafunse munthu. Anathamangira kukhitchini, kusungunula masipuni atatu a shuga m'kapu ya madzi, shuga yemwe uja ndinamubisa pamwamba pa kabati, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono poti ankathabe kumeza. Patapita mphindi zingapo maso anabwerera, n'kufunsa kuti tikuwazungulira chifukwa chiyani.

Adokotala Lolemba lake sanandinyengerere. Anati mapiritsi amenewa amakankha kapamba kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye, ndiye ukachotsa chakudya osasintha mankhwala, shuga amagwa. Ubongo pawokha umadya gulukosi wokwana magalamu pafupifupi 120 patsiku, ndipo ulibe nkhokwe yakeyake yodalirika, umadikira wa m'magazi. Ndinkathamangitsa mdani, osadziwa kuti yemweyo ndi amene amachititsa bambo kukumbukira dzina langa.

Ndiye tinagwirizana za mitanda iwiri, yaing'ono, pa nthawi yake, osadumphitsa. Ufa ndi wa amayi womwe uja, masiku ena amasakaniza ndi mgaiwa osalengeza. Malo otsala m'mbale timadzaza nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, nyemba, usipa. Zimenezi zimachedwetsa chakudya m'mimba, shuga salowa m'magazi mothamanga. Zakumwa za m'mabotolo tinasiya, kabotolo kamodzi ka 300ml kamatha kukhala ndi timasipuni 8 ta shuga. Tikatha kudya madzulo timayenda, kuchoka pageti kukafika kumsewu wa ku Mchinji n'kubwerera, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imadzikokera yokha shuga ngakhale insulini ikhale yochepa. Masiku oyamba aneba ankaimitsa galimoto kutifunsa ngati yathu yafa.

Chimene chimawawawa bambo mpaka lero ndi alonda athu. Amapalasa njinga kuchokera ku Chinsapo, amafafaniza mitanda isanu, thupi lili gwa. Bambo amawayang'ana pawindo n'kupukusa mutu. Ndinawauza alondawo kuti nawonso akayezetse, matendawa sayang'ana mpanda. Anaseka n'kuti, "Zikomo achimwene, tidzapita," ndipo sanapitebe.

M'mawa uno kamakina kanaonetsa 132. Loweruka likubwerali tikupita ku Dedza kukavundukula chiliza cha agogo, komwe nsima imabwera m'mabeseni ndipo azakhali amakwiya ukasiya mtanda. Dzulo tikuyenda, bambo anaima, n'kundigwira paphewa.

"Iwe, kumudzi usakanditsate ndi masamu akowo. Pamaso pa alongo anga ayi."

Ndinati ndamva. Kamakina kaja ndalongedza kale m'chikwama cha amayi.