Njinga za Katundu pa Matundo

Munthu wochokera ku Zobue akamalowa mumzinda wa Tete amayamba wafika pa Matundo, asanawoloke Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, uja anamanga Apwitikizi dziko la Mozambique lisanalandire ufulu mu 1975. M'mamawa njinga zimafika pamenepa mondondozana, zitasenza makala, nkhuni, ina mbuzi ikulira pambuyo.

Njinga yongotuluka kumene m'sitolo singaithe ntchito imeneyi, kaya ndi Hero kaya Phoenix. Choyamba kuchotsedwa ndi kaliyala. Owotcherera amapanga wina ndi zitsulo zomangira nyumba, wotambalala, miyendo yake yokafika pa ekiselo. Kenako gudumu la kumbuyo amalilukanso ndi masipoko onenepa. Apa ndi pamene ambiri amaumira ndalama, n'kudzalira m'tchire, chifukwa sipoko imodzi ikaduka anzake amatsatira, limu n'kupindika.

Kumanga katundu nakonso kuli ndi mwambo wake. Cholemera chikhale pansi, pafupi ndi chishalo, chomangidwa ndi malegeni. Chikapitirira kumbuyo, njinga imadzuka kutsogolo pachitunda ndipo mwini wake amagwera mumsewu momwe mukudutsa malole.

Wopita ku Zobue adziwe kuti ndi makilomita oposa 100, ndipo akapitirira Moatize zitunda zimanka zichuluka. Mu Okutobala dzuwa la ku Tete limapyola madigiri 40. Pampu, zigamba, guluu ndi sipanala zisatsale, ndipo chigubu cha madzi chipezeredwe malo thumba lisanakwere. Odziwa njirayi amanyamuka tambala woyamba.