Masewero omwe achimwene sadamalize

Achimwene anga adali munthu wosalankhulalankhula, koma akakhala pa kompyuta ankachita kusandulika. Mu 2004 adagula kompyuta yakale kuntchito kwawo, ndipo mnzawo wina adawabwereka ma CD a masewero otchedwa Baldur's Gate. Ine ndidali Fomu 2. Ntchito yanga idali kukhala pambali ndi dikishonale, poti masewerowa amachuluka zowerenga.

Kwa inu amene simukuwadziwa, adatuluka mu 1998 ndipo adapangidwa ndi kampani ya ku Canada ya BioWare. Wosewera amakhala mwana wamasiye woleredwa ndi mkulu wina, Gorion, m'linga la mabuku la Candlekeep. Usiku womwe awiriwa akuthawa, Gorion amaphedwa, mwana uja n'kuyamba kudziyendera. Gawo lachiwiri lidatuluka mu 2000. Ukalowa m'menemo umadzuka uli m'ndende ya mfiti yotchedwa Irenicus, katundu atakulanda, ndipo kumidzi ya gawo loyamba sungabwererenso.

Achimwene adamaliza gawo loyamba, lachiwiri adangolilawa. Adapita ku Johannesburg kukasaka ganyu, adabwerako akudwala, ndipo tidawaika m'manda. Mwana wawo wamwamuna ndikukhala naye ine. Adatengera bambo ake: chakudya amadya, kusukulu amapita, koma za kumtima kwake ayi ndithu. Dzina la bambo ake sankalitchula, nanenso ndinkaopa kuliyamba.

Chaka chatha ndidamva za mod yotchedwa Enhanced Edition Trilogy. Mod ndi pulogalamu yomwe okonda masewero amalemba okha n'kuigawa mwaulere kuti isinthe masewerowo. Iyi imalumikiza magawo onse omwe kampani ya Beamdog idakonzanso mu 2012 ndi 2013, kuphatikizapo Siege of Dragonspear ya mu 2016, kukhala ulendo umodzi. Masewero enieniwo umagula, kenaka n'kumaika zidutswa za mod mwandondomeko, ndipo kachidutswa kotchedwa EET_end kamabwera pamapeto.

Zidandivuta, ndisaname. Loweruka loyamba magetsi adazima ntchito ili pakati, batire ya laputopu n'kutha. Lachiwiri ndidasokoneza ndondomeko, masewero n'kumangodzitsekera. Bandulo ya intaneti idapita iwiri. Lachitatu ndi mnyamatayo amene adawerenga malangizo modekha n'kundionetsa pomwe ndinkaphonya.

Titayamba kusewera, mtima udandigunda pofika pa imfa ya Gorion. Ndidadziona kupusa: mwana wamasiye ndamubweretsera nkhani ya mwana wamasiye. Iye adakhala duu, kenaka adafunsa: "Bambo aang'ono, adadi atafika apa anapita kuti?"

Ndidamuuza kuti adalunjika kunyumba ya alendo ya Friendly Arm, monga Gorion adalangizira, koma adafa kanayi pakhomo pomwepo chifukwa cha liuma losafuna kupumula. Adaseka. Adafunsanso ngati bambo ake ankakwiya akaluza, nyimbo zomwe ankakonda, ndi chifukwa chomwe adapitira ku Joni. Usiku umenewo tidacheza mpaka nsima kuzizira.

Patatha miyezi isanu tidadutsa pomwe achimwene adalekezera. Tili mumzinda wa Athkatla m'gawo lachiwiri, mnyamata uja adatsegula mapu n'kuona kuti mod ija imalola kubwerera kumidzi yakale, zomwe bambo ake sakadatha. Adasiya zonse n'kubwerera mpaka ku Friendly Arm. Kudalibe chopha kapena chotola. Adangoimika anthu ake pakhomo paja kwa kanthawi, kenaka adati tipitirize.

Makolo anzanga, sindikunena kuti ana azigonera pa kompyuta. Kwathu timasewera Loweruka lokha, ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo ikatha. Koma musanalande laputopu kapena foni, takokani mpando mufunse zomwe mwanayo akuchita m'menemo. Ine zaka zinayi ndinkasowa poyambira kukamba ndi mwana wa achimwene za bambo ake. Gawo lomaliza, Throne of Bhaal, tiliyamba mayeso ake akatha.