Kadimba Kanga ka Pansi pa Mango

Kuseri kwa khitchini yathu kuli kamalo ka mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Kumpoto kwake kuli mtengo waukulu wa mango, kumadzulo kuli khoma la khitchini. Malo ena onse pakhomo ndi bwalo, nkhokwe ndi khola la mbuzi. Dimba la kudambo ndi la amalume, choncho chilimwe chikafika ndiwo zamasamba timachita kugula. N'chifukwa chake ndinapempha amayi kuti kamaloka kakhale kanga.

Vuto ndi mthunzi. Achimwene anati tingodula mtengowo. Agogo anangofunsa kuti, "Nanga mu Novembala mukamachokera kusukulu ndi njala muzidya chiyani?" Nkhani yodula inathera pomwepo, koma anandilola kusadza nthambi ziwiri zam'munsi.

Ndisanagwire khasu ndinayamba ndalondola dzuwa. Aphunzitsi a Jogalafe anatiuza kuti kuno kwathu mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mithunzi ya masana imagwera kummwera. Kwa ine izi zikutanthauza kuti nthawi yozizira, imene mpiru umachita bwino, ndi pamenenso mthunzi wa mango umagona pakamalo kanga. Loweruka lina ndinkaika miyala m'mphepete mwa mthunzi 7 koloko, 9 koloko ndi 11 koloko. Miyalayo inandionetsa kuti chakummawa dzuwa limafika pafupifupi maola 4, pakati maola 2, pomwe pafupi ndi tsinde silifika n'komwe.

Anzanga ambiri mukamva za dimba mumaganiza za matimati. Ine ndinawasiya dala. Matimati amafuna dzuwa maola 6 kapena kuposa, ndipo pamthunzi masamba ake amachedwa kuuma mame, chiwawu n'kulowa. Anyezi nayenso chimodzimodzi. Mbewu zimene timadya masamba ndi zomwe zimapirirako.

Bedi la kummawa ndinalipatsa mpiru ndi repu. Ndi la mita imodzi m'lifupi kuti ndizifikira pakati osaponda nthaka. Lapakati ndinabzala kholowa. Mbatata zake sindikuziyembekezera ayi, pamthunzi sizikula kwenikweni, ine ndikufuna masamba basi. Chisoso chinamera chokha m'mbali ndipo sindinachizule. Ena amati ndi tchire, koma chikalowa nsinjiro palibe amakana.

Pafupi ndi tsinde ndi pamene panandiganizitsa kwambiri. Mukangokumba pang'ono mumakumana ndi mizu ya mango, ndipo madzi onse amene mungathire imamwa ndi iyo. Ndinatenga matumba akale a feteleza, n'kuwaboola pansi, n'kudzazamo dothi losakaniza ndi manyowa a mbuzi owolerana. M'menemo ndidzabzala chikasu mvula ikayamba. Chimachedwa, chimatha miyezi 8 kapena 9, koma sichidana ndi mthunzi. Koko amakonda chinyontho, ndiye ndinamuika pakona pamene amayi amakhuthulira madzi otsukuluzira mbale. Poti amatalika, pamenepo ndi kukhoma, sangatchingire zinzake dzuwa la mmawa.

Mpanda nawo unafuna nzeru. Nkhuku za kwathu sizimva, koma mpanda wa udzu wothithikana ukanabweretsa mthunzi wina. Mbali ya kummawa ndinaimika bango motalikirana pang'ono, kuti kuwala kuzilowa koma nkhuku ayi. Anapiye okha ndi amene amapezabe polowera.

Ubwino wa mthunzi ndi woti nthaka siuma msanga. Ndowa ziwiri za pamjigo mmawa ndisananyamuke zimakwana, masana osathiranso. Kuipa kwake ndi nkhono. Ndimazitola ndi manja madzulo, n'kuwaza phulusa mozungulira mabedi.

Mpiru tathyolako kawiri. Masamba ake ndi opyapyala kusiyana ndi a kudambo kwa amalume, koma amayi sanagule ndiwo masiku amenewo. Chimene ndikusowa pano ndi mbewu ya jinja ya thumba limodzi lotsala. Amene kwanu ilipo, mundipeze ku Fomu 2 nthawi ya buleki, tisinthane ndi mbewu ya kholowa.