Kalata kwa Mwana wa Mlongo Wanga, Injiniya ku Hsinchu



Kalata yako, imene watiuzamo kuti kampani ya TSMC yakulemba ntchito ya uinjiniya pa fakitale yake ya ku Hsinchu, m'dziko la Taiwan, yafika ndipo yawerengedwa pamaso pa mbumba yonse. Amayi ako aluluta, alongo ako avina, koma ine, amene mwambo wa makolo unandiika kukhala mwinimbumba, ndaona kuti sikundiyenera kungoyamika Chauta ndi kukhala chete, pakuti ngakhale akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, dziwe walowamo iweli palibe wa mtundu wathu amene anayamba wasambiramo.

Udziwa kuti ine ndinakalambira pa ntchito ya mawaya ndi mawailesi. Tiranzisita, imene anthu a ku Bell Laboratories anaitulukira m'chaka cha 1947, inatifika ife ili kanthu ka miyendo itatu kogwirika ndi zala, kakuti kakapsa unkamva fungo lake, n'kukachotsa, n'kuikapo kena, wailesi n'kuyambanso kulankhula dzuwa lisanalowe; motero kulakwa kwa mmisiri kunkaonekera tsiku lomwelo, mwini wailesi ali chilili pakhomo. Iwe udzakhala pakati pa anthu oika matiranzisita mabiliyoni pa kachidutswa ka silikoni kosaposa chikhadabo, ndipo chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe n'chakuti kulakwa kwa pa ntchito yakoyo kulibe fungo, kulibe utsi, diso silikuona, ndipo kumatha kugona chibisalire masabata ambiri kusanaululike.

Talingalira ulendo wa mbale ya silikoni, ya mamilimita 300 m'mimba mwake, imene amaitcha wafer. Imalowa m'fakitale ili ndi zinzake 24 m'bokosi lotsekedwa, loyenda pa njanji za kudenga, ndipo kwa miyezi ngati itatu imapita m'manja mwa makina kambirimbiri: apa aipaka mankhwala omva kuwala, apo aiwalitsira chithunzi cha tinjira ta magetsi, kwina aidyetsa mpweya wokumba, kwinanso aikutira ndi chitsulo chopyapyala n'kuipala kuti isalale, kenaka ayambirenso pamwamba pake, nsanjika pa nsanjika. Makina a kampani ya ASML ya ku Netherlands, amene amalemba tinjira tochepetsetsa, amapanga kuwala kwa mananomita 13.5 powomba timadontho ta chitsulo cha tini ndi kuwala kwa laser nthawi 50,000 pa sekondi imodzi. Ndipo pamene tsitsi limodzi la m'mutu mwako lili lonenepa mananomita zikwi makumi angapo, uona wekha chifukwa chake adzakuveka chovala chokuta thupi lonse, kusiya maso okha. Chovalacho chimatchinjiriza mbale ku fumbi lochokera pa khungu lako, pakuti m'chipinda chotero munthu ndiye chinthu chodetsa koposa zonse.

Agogo ako aakazi, amene ankaumba mbiya zodziwika m'midzi yonse ya kwathu, ankataya nthawi yaitali kusankha timiyala m'dothi asanayambe kuumba, chifukwa ankadziwa kuti kamwala kamodzi kotsalira sikaoneka pa mbiya yaiwisi, ngakhale pa youma, koma kamadikira tsiku la moto, pamene ntchito yonse yatha ndi nkhuni zapsa kale, n'kuing'amba pakati. Momwemonso mbale zako: chimene chalakwika pa nsanjika ya pansi chimakwiririka ndi nsanjika zonse zotsatira, ndipo chimadziwika poyesa pa mapeto, pamene mbale zina zambirimbiri zadutsa kale pa makina olakwa omwewo.

Izi zinachitikadi pa kampani yako yomweyo, ndipo eni ake anazilengeza poyera. Mu Ogasiti 2018, makina atsopano analumikizidwa ku makompyuta a fakitale asanapimidwe ngati ali ndi kachilombo, ndipo kachilombo ka mtundu wa WannaCry kanafalikira n'kuimitsa ntchito m'mafakitale angapo. Chimene chinadumphidwa chinali sitepe imodzi yokha yolembedwa kale m'malamulo a ntchito. Kuchiyambi kwa 2019, mankhwala omva kuwala amene sanapangidwe bwino analowa mu fakitale ya ku Tainan, mbale zochuluka zinatayidwa, ndipo kampani inanena kuti ndalama zolowa m'miyezi itatu yoyamba ya chakacho zichepa ndi madola a ku America pafupifupi 550 miliyoni.

Chifukwa chake, mwanawe, mvera ichi koposa zonse zimene ndilembe. Lidzafika tsiku, kapena usiku pakati, pamene nambala ya pa kompyuta idzapatuka pang'ono pa malire ake, kapena iwe mwini udzazindikira kuti unasankha malangizo olakwika pa makina, ndipo mtima wako udzakunong'oneza kuti palibe waona, kuti mwina sizivuta, kuti mlendo wakhungu lakuda, wongolembedwa kumene, asakhale woyamba kuimitsa ntchito ya eni. Pa ora limenelo imitsa bokosilo, lemba chimene chachitika monga momwe chachitikira, osachepetsa kapena kukometsera, ndipo udzutse wamkulu wako ngakhale ali m'tulo. Adzakukalipira, ndipo mwina mawu ake adzakuwawa sabata yathunthu. Koma mbale 25 zoimitsidwa usiku umenewo zikhoza kupulumutsidwa kapena kutayidwa zokha, pamene kubisa kwako kukhoza kuwononga mazanamazana, ndipo popeza makina amalemba dzina la aliyense wowakhudza pamodzi ndi nthawi yake, choonadi chidzatuluka ndithu. Injiniya amene nambala zake anthu ayamba kuzikayikira watha ntchito ngakhale akulandirabe malipiro.

Pali kukhulupirika kwinanso, kwa pakamwa. Pamene Morris Chang, atagwira ntchito zaka 25 ku Texas Instruments, anakhazikitsa TSMC m'chaka cha 1987, anaimanga pa lonjezo lakuti idzapanga machipi a makampani ena popanda kugulitsa akeake opikisana nawo. N'chifukwa chake Apple, Nvidia ndi AMD amapereka mapulani awo obisika m'nyumba imodzi, ngakhale ena mwa iwo akulimbirana msika. Zimene udzaona m'katimo si zako. Usazijambule, usazikambe pa Facebook pofuna kuti anzako a kusukulu akutame, ndipo ngakhale ine malume ako ndikadzakufunsa mwa chidwi cha ukalamba, undiyankhe mwaulemu kuti sizinenedwa, sindidzakwiya.

Za digiri yako ndinene mwachidule: ipachike kukhoma la kunyumba. Amisiri ndi amayi oyendetsa makina, amene akhala m'chipinda cha nyali zachikasu zaka zambiri, amadziwa khalidwe la makina alionse mwa njira imene buku silingakuphunzitse, ndipo safunsa anadya phula. Uwapatse ulemu, uphunzire Chimandarini kufikira utatha kuwafunsa m'chilankhulo chawo ndi kuseka nawo pa chakudya, pakuti munthu amaulula zenizeni za ntchito kwa amene wadya naye.

Tsopano za thupi lako, limene amayi ako analilera movutika. Fakitale yotero sigona, usana ndi usiku, Sabata ndi Khirisimasi, ndipo foni ya ntchito idzalira nthawi imene ifuna. Chilumbacho chimagwedezeka ndi zivomezi: cha pa 21 Sepitembala 1999 chinapha anthu oposa 2,000, ndipo pa cha pa 3 Epulo 2024 kampani yako inalengeza kuti makina oposa 70 pa 100 alionse anali atabwezeretsedwa pasanathe maora 10, zimene zitanthauza kuti anthu anasiya mabanja awo akunjenjemera n'kuthamangira kuntchito. Khama lotero ndimalilemekeza, koma ndikuchenjeza kuti munthu wosagona ndiye amadumpha sitepe, motero tulo tako uziwerengere pakati pa zida za ntchito, ndipo tsiku lopuma uzipumadi. Uope mankhwala onse a m'menemo, makamaka asidi wa hydrofluoric, amene akakhala wosungunulidwa sawawa msanga pa khungu, koma amalowa pansi n'kudya kashiamu wa m'thupi, munthu n'kumayesa kuti ndi madzi chabe. Dontho lililonse losadziwika ulitenge ngati iyeyo, usambe pomwepo ndi madzi ambiri, uitane anzako, ndipo udziwiretu kuyambira tsiku loyamba pamene amasunga mankhwala a calcium gluconate.

Anthu a kumeneko si achilendo kwenikweni kwa ife, pakuti dziko lathu linali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966 kufikira 2008, ndipo chipatala chachikulu cha ku Mzuzu anamanga ndi iwo. Koma popeza ubale wa maboma unatha, kulibe kazembe wathu woti n'kuthawirako, choncho pasipoti ndi zikalata zako za ntchito uzisunge mosamala, ndi kuziwonjezera nthawi masiku ake asanathe. Upeze mpingo wopempherako. Za ndalama zotumiza kuno usadzipanikize chaka choyamba. Ndalankhula kale ndi abale kuti asakuchulutsire zopempha kufikira utakhazikika, ndipo wopempha aliyense adzere kwa ine.

Amayi ako akuti uwauze ngati ufa wa chimanga ukupezeka kumeneko, ndiponso ngati nyumba imene ukukhala ili pafupi ndi ntchito. Mbumba yonse ikupereka moni. Chauta akusunge potuluka ndi polowa.

Ndine malume ako.