Bagpipe mu Lusaka: muyambe na nyimbo iti?

Ife amene tiphunzira kuliza bagpipe mu Lusaka muno tili ochepa, moti tingakwane mu minibasi imodzi ya ku Chelstone, kondakita n'kupezanso pokhala. Koma ofunsa ni ambiri. Ena anaona pa TV mu Seputembala 2022, Pipe Major Paul Burns akuliza Sleep, Dearie, Sleep pa maliro a Queen Elizabeth II. Ena anaimva chabe pa YouTube. Funso lawo limakhala limodzi: niyambe na nyimbo iti? Ndipo ambiri amabwera atasankha kale. Afuna Amazing Grace, pa bagpipe yeniyeni, mwezi uno usanathe.

Yankho lathu loyamba silikondweretsa. Musagule bagpipe manje. Gulani practice chanter, kachitoliro kopanda thumba kamene kali na mabowo ofanana na a bagpipe koma kamalira motsika monga njuchi mu botolo. Kapulasitiki kakwana. Mudzakhala nako miyezi yambiri, ena chaka chathunthu, musanakhudze thumba. Ma bagpipe otchipa a pa intaneti, aja okhala na nsalu yowala, ambiri ni okongoletsera khoma. Thumba limataya mpweya, manoti sagwirizana, ndipo munthu amaleka poganiza kuti alibe luso, pamene vuto ni chipangizo.

Kuti mumvetse chifukwa chake timasankha nyimbo mmene timasankhira, muyenera kudziwa zinthu ziwiri. Choyamba, bagpipe ya ku Scotland ili na manoti 9 chabe, kuchokera pa G wa pansi kufika pa A wa pamwamba. Nyimbo ya ku kwaya ikapitirira pamenepo, siilowa. Chachiwiri, chipangizochi sichikhala chete. Mukangoyamba, mpweya wa m'thumba umapitabe ku chanter na ku ma drone atatu aja a pa phewa, ndipo simungadule noti na lilime monga achitira a tarampeti. Kuti mulize A kawiri motsatizana, muyenera kuponya kanoti kothamanga pakati pake, kamene amati gracenote. Tumanoti tumenetu tukaunjikana timakhala doubling, grip, birl, taorluath, throw on D. Ntchito yonse ya chaka choyamba ili pamenepa. Choncho nyimbo yabwino kwa woyamba ni imene iphunzitsa zala chinthu chimodzi kapena ziwiri zatsopano, osati imene inakugwetsani misozi pa foni.

Buku limene ambiri padziko anayambira ni lija lobiriwira la College of Piping ya ku Glasgow, limene Seumas MacNeill na Thomas Pearston anatulutsa mu 1953. Nyimbo yake yoyamba ni Scots Wha Hae, ndipo tigwirizana nalo. Iyenda pang'onopang'ono, ni yaifupi, ndipo mungamve gracenote iliyonse ngati yatuluka yoyera kapena yadetsedwa. Kenako Brown Haired Maiden na High Road to Gairloch, ma march a 2/4 amene aphunzitsa phazi kugunda pamodzi na zala. Sitingakunamizeni kuti nyimbo zitatuzi zidzakutchukitsani pa TikTok. Ni nsima ya tsiku na tsiku.

Zikakhazikika, pitani pa Green Hills of Tyrol na When the Battle's O'er. Zonse ziwiri ni za 3/4, ndipo mabandi amakonda kuziliza motsatizana, moti mukazidziwa mungaime pakati pa oliza a dziko lililonse osasochera. Green Hills ili na mbiri yoseketsa: dzina ni la mapiri a ku Austria, nyimbo inachokera mu opera ya Rossini yotchedwa William Tell, ndipo Pipe Major John MacLeod anaiika pa bagpipe nthawi ya nkhondo ya ku Crimea m'zaka za m'ma 1850. Kwa ife phindu lake ni lakuti imakupatsani grip na throw on D mobwerezabwereza, koma pa liwiro lokupatsani mpata wopuma. Tikanauzidwa kusankha nyimbo imodzi chabe ya chaka choyamba, tikanatenga iyi.

Scotland the Brave muiyembekezeko. Tidziwa kuti ndiye imene aliyense amaizindikira, koma mu bar yoyamba momwemo muli taorluath, ndipo chifukwa khutu limaidziwa kale, zala zimafuna kuthamanga zisanaphunzire kuyenda. Yambani na Rowan Tree, imene nayonso ni ya 4/4 koma yofatsa, kenako mubwerere kwa Scotland the Brave.

Manje tikambe za Amazing Grace, chifukwa apa ndiye pali nkhani. Nyimboyi si ya ku Scotland. Mawu ake analemba ni John Newton, Mngelezi, ndipo anasindikizidwa mu 1779. Chuni chake n'cha ku America. Inakhala ya bagpipe m'maganizo a anthu kuyambira 1972, pamene bandi ya Royal Scots Dragoon Guards inaijambula n'kufika pa nambala 1 ku Britain. Pa zala ni yosavuta, ndipo pa practice chanter mungaiphunzire msanga. Pa bagpipe ni ina nkhani. Ili na manoti aatali, ndipo noti yaitali imaulula mkono. Mukapuma, mkono uyenera kufinya thumba mofanana ndendende na mmene mpweya wa pakamwa unali kulowera. Mukachedwa pang'ono, noti imatsika. Mukafinya kwambiri, imakwera. Pa march yothamanga zimenezi zimabisika, koma pa Amazing Grace zimakhala poyera monga banga pa shati yoyera.

Ndipo ganizirani kumene adzakupemphani kuiliza. Mu Lusaka munthu akangodziwika kuti ali na bagpipe, pempho loyamba limakhala la maliro. Mudzaima pa manda ku Leopards Hill kapena ku Chingwere, dzuwa lili pamutu, pakati pa amayi a Chigwirizano amene akhala akuimba nyimboyi kuyambira inu musanabadwe. Sadziwa doubling, koma noti yopotoka adzaimva. Banja limaika m'bale wawo kamodzi chabe. Choncho lamulo lathu ni ili: iphunzireni msanga, koma musavomere kuiliza pa maliro kufikira mutakwanitsa kugwira noti imodzi kwa nthawi yaitali, mnzanu ataima patali n'kulephera kudziwa pamene mukupuma.

Kumene mungaphunzirire ni vuto lina la mu tauni. Bagpipe imalira kupitirira madesibelo 100, ndiye gulani tozitsekera m'makutu. Ku ma flat a ku Kabwata musayese n'komwe, pokhapokha mufuna kudziwana na aneba onse tsiku limodzi. Ku Kabulonga kuli mayadi aakulu, koma kulinso agalu, ndipo mmodzi akayamba, msewu wonse umalowa kwaya. Bwalo la mpira lopanda anthu ku Woodlands kapena ku Chelstone, masana a Chiweru, n'labwinoko. Practice chanter ilibe mavuto amenewa. Mungailize m'chipinda usiku, ndipo malaiti akapita siidandaula. Ngakhale mu minibasi yoima pa Great East Road m'mawa, bolopeni imakwana kuyesererapo zala, bola musamale maso a amene mwakhala nawo.

Nyengo yathu nayonso ili na mawu. Reed ya chanter ni ya bango, ndipo imafuna chinyezi pang'ono. Mu Okutobala imauma, mawu n'kukhala oonda, okwera. Mvula ikabwera, imamwa madzi n'kulemera. Thumba la chikopa cha nkhosa limamveka bwino, koma limafuna kulizidwa pafupipafupi na kupakidwa mankhwala ake mkati, apo ayi limauma n'kuyamba kutaya mpweya. Kwa woyamba tilangiza thumba la nsalu yosalowa madzi na ma reed a drone apulasitiki. Musasiye bagpipe mu buti ya motoka yoimikidwa pa Cairo Road masana: mtengo wake umang'ambika. Mtengowo, kwa amene amatiseka kuti tikuliza za azungu, ni phingo. Ma bagpipe ambiri abwino amasemedwa kuchokera ku mtengo wakuda umenewu, umene umapita ku Ulaya kuchokera makamaka ku Tanzania na Mozambique, ndipo umamera na kuno kwathu. Unapita monga chipika, wabwera ukuimba. Ndipo Scotland si mlendo kwenikweni m'dziko limene David Livingstone anafera ku Chitambo mu 1873, limene pulezidenti wake woyamba anabadwira pa Lubwa, misheni ya anthu a ku Scotland, mu 1924.

Kwa amene mwadutsa chaka choyamba, thumba likumvera, nyimbo zisanu kapena zisanu n'imodzi zili m'mutu, tikuti lowani mu 6/8. Bonnie Dundee, Cock o' the North, Atholl Highlanders. Apa tili na mwayi umene tiuona pa anzathu onse: khutu lokulira pa ng'oma na kalindula silivutika kumva tumagulu twa manoti atatuatatu. Koma mwayi womwewo uli na msampha. Ife timafuna kuwaliza ofanana, mozungulira, monga tikuvina. March ya 6/8 imafuna noti yoyamba igwiridwe, yachiwiri idulidwe mwachidule, yachitatu ibwere pa nthawi yake. Mukaifewetsa imasanduka jig, ndipo asilikali sangagube nayo. Jambulani pa foni mudzimvere nokha. Foni siopa kukhumudwitsa munthu.

Pa ma 2/4 aatali, The 79th's Farewell to Gibraltar ndiye khomo. Ili na zigawo zinayi, ndipo kwa nthawi yoyamba mudzaona kuti kukumbukira na kupirira kwa milomo ni nchito paokha. Barren Rocks of Aden ingabwere pafupi nayo. Strathspey na reel zimafunika, koma imodzi imodzi yakwana: Orange and Blue, kenako High Road to Linton. Strathspey imavuta chifukwa kugunda kwake kunayi sikufanana mphamvu: koyamba n'kolemera, kachiwiri n'kopepuka, kachitatu n'kwapakati, kachinayi n'kopepukanso. Osamva zimenezi amailiza monga march yothamanga, ndipo imafa.

Njira imene yatithandiza koposa ni kuimba nyimbo pakamwa tisanaiike pa zala. Si nzeru yathu. Oliza akale a ku Scotland anali na canntaireachd, njira yophunzitsira nyimbo zawo zazikulu za piobaireachd na mawu a pakamwa, noti iliyonse na gracenote iliyonse ili na kamvekedwe kake. Aliyense amene anaonapo mkulu akuphunzitsa mwana ng'oma, kutchula kaye kalizidwe pakamwa manja asanagunde, adzaizindikira. Ngati simungaiimbe mukuyenda kuchoka pa Kulima Tower kupita ku City Market, simunaidziwe.

Za ukwati zilipo ziwiri. Mairi's Wedding ni yopepuka ndipo imayendetsa anthu potuluka m'tchalitchi. Highland Cathedral ni ya polowa mkwatibwi, ndipo nayonso si ya ku Scotland: anaipeka Ajeremani awiri, Ulrich Roever na Michael Korb, mu 1982. Imakoma pamodzi na kiyibodi, koma kambiranani na wa kiyibodi masiku asanafike. Noti imene ife timati A siili pa A wake. Pa chanter ya masiku ano imamveka pamwamba pang'ono pa B flat, pafupi na 480 Hz pamene B flat wa kiyibodi ali pa 466. Iye ndiye angasunthe makina ake kuti akupezeni. Inu mulibe batani. Mukakumana koyamba pa tsiku la ukwati, mkwatibwi adzalowa pakati pa mkangano wa zipangizo ziwiri.

Pali nyimbo imodzi imene tikuti muiphunzire koma muisunge. Flowers of the Forest imalira anthu amene anafa pa nkhondo ya Flodden mu 1513, ndipo oliza ambiri saiika poyera kupatula pa maliro na pa mwambo wokumbukira asilikali, monga uja wa mu Novembala pamene nkhata zimaikidwa pa Cenotaph mu Independence Avenue. Si ya pa braai. Mnzanu akapempha kuti amveko, mupatseni Skye Boat Song.

Tibwerere ku manda, chifukwa kumeneko n'kumene mudzayesedwa. Maliro athu satha msanga. Kuika nkhata kumayamba na wamasiye, ana, makolo, adzukulu, a ku tchalitchi, a ku nchito, aneba, ndipo mndandanda umatalika monga wa pa chipatala. Munthu wa nyimbo imodzi amaibwereza kufikira milomo italephera kugwira paipi. Musanavomere, khalani na zitatu zoyenda pang'onopang'ono zimene mungalumikize osaima: Amazing Grace, Going Home, imene chuni chake chinachokera kwa Dvořák, na Mist Covered Mountains. Gwirizanani na woyendetsa mwambo kuti mudzaliza pa gawo liti ndipo mudzaleka pati, kuti musalimbane na kwaya. Chunani ma drone kutali, kuseri kwa mabasi, anthu asanafike pa dzenje, ndipo muchunenso mukaima pa dzuwa kwa mphindi zingapo.

Yesererani na kuleka komwe. Thumba lodzala silidziwa kuti nyimbo yatha. Mukatsala na ma bar awiri, lekani kuuzira, mkono umalize na mpweya wotsalawo, kuti pa noti yomaliza mukachotsa mkono, chanter na ma drone onse atatu akhale chete nthawi imodzi.