Usanakwere basi, khala pansi ndi agogo ako

Migowi, Phalombe

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba ngakhale tikugona nyumba imodzi, chifukwa ndikayamba kulankhula umangoti "ndamva amayi", maso ali pa foni. Za ntchito ndi za anzako a ku Lilongwe bambo ako akuuza kale. Yanga ndi ya agogo ako.

Zaka zonsezi zala zawo pa foni wakhala uli iweyo. Ikalira amakuitana, uthenga ukabwera umawawerengera, mayunitsi umalowetsa ndiwe. Unkachita bwino, koma mapeto ake foni ija ndi yawo dzina lokha. Iwe ukachoka, idzabwerera mu kansalu kaja pansi pa pilo. Ine sindingakhale nawo tsiku lonse, ukudziwa kuti nyengo ya nandolo ndimaswera kumunda ndi kumsika. Choncho masiku atsalawa uwaphunzitse kuti aziimba okha.

Usawagulire foni yotsetsereka yagalasi. Zala zolima zaka zambiri sizimvana nalo galasi, ndipo batire lake silichedwa kutha. Ya mabatani yomweyi ikwanira. Uike nambala yako pa batani 2, yanga pa 3, ya amalume ako a ku Chiringa pa 4, kuti akangodina ndi kugwiritsa, foni iimbe. Mayina m'foni asakhale ambiri. Ukweze kaliridwe kake, zilembo uzikulitse ngati zikutheka, ndipo pa batani lobiriwira upakepo kadontho ka utoto wa m'zikhadabo kuti chala chizilimva ngakhale mumdima. Uwaonetsenso pozikira waya wa sola, ndi pa chulu paja kuseri kwa khola pamene netiweki imagwira bwino.

Kaphunzitsidwe ndiye nkhani yaikulu. Foni ikhale m'manja mwawo, iwe manja ako uwapinde. Akalakwitsa usaitsomphole n'kunena kuti "bweretsani kuno". Ukatero kamodzi kokha adzati "izi n'za ana", ndipo sadzaikhudzanso. Usaseke, ngakhale adine batani lofiira pakati pa moni. Abwereze lero, mawa abwerezenso. Iwe upite kuseri kwa nyumba akuimbire, ubwerere, akuimbirenso. Amene anakuphunzitsa kupeta mpunga osataya ngakhale njere sanakutopere, ndiye usawatopere.

Uwaphunzitsenso kuflasha. Agogo ako amaopa kutha mayunitsi kuposa kuopa njoka, moti akhoza kudwala osaimba. Uwauze kuti ikangolira kamodzi adule, iwe uimba. Koma ukalonjeza zimenezo uziimbadi.

Mwina sudziwa chifukwa chake amakhala ndi nkhawa mwana akamachoka. Agogo ako aamuna anapita ku Joni ndi Wenela, kukakumba migodi. Nthawi imeneyo kalata inkayenda masabata, ikafika n'kukafunanso mwana wasukulu woti awerenge. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi ambiri n'kufa, mpaka Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu kuno. Agogo ako anakhala masiku osadziwa ngati mwamuna wawo analimo kapena ayi. Ndipo suiwala Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula mapiri kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje, magetsi atazima, mafoni osagwira, misewu itaduka. Unawaona momwe ankakhalira pakhonde kuwerenga adzukulu ndi zala. Kwa iwo chete satanthauza kuti munthu watanganidwa.

Ndiye usankhe tsiku. Lamulungu madzulo, akabwerako ku tchalitchi ndi kudya, ndi nthawi yabwino. Usawaimbire uli m'minibasi kapena ukuthamangira kwina. Moni wa agogo ako ndi wautali: afunsa za thupi, za kumene ukugona, ngati ukudya nsima, kenako akuuza za mvula, za mbuzi ndi za amene wamwalira. Uwasiye amalize. Akasintha n'kuyamba Chilomwe usawabweze ku Chichewa. Yankha ndi chako chothyokathyokacho, amasangalala nacho ngakhale amachiseka. Zithunzi ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp uzitumiza kwa ine, ndizikawaonetsa. Zolemba usavutike nazo, maso awo anafooka.

Tsopano za ndalama, ndipo apa umvetsetse. Ukafuna kuwatumizira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, uyambe waimba, unene kuchuluka kwake, kuti popita kwa ejenti adziwe chimene akukatenga. Nambala yachinsinsi aisunge pamtima. Isakhale chaka chawo chobadwa, isalembedwe kuseri kwa foni, ndipo asauze munthu, ngakhale mdzukulu wooneka waulemu. Simukhadi ikhale yolembetsedwa ndi chitupa chawo cha unzika, osati chako, kuti ikatayika asavutike kubwezeretsa nambala.

Akathyali a pa foni amakonda okalamba. Wina aimba kuti walakwitsa potumiza ndalama, mumubwezere. Wina ati mwapambana mphoto koma muyambe mwalipira. Woopsa kwambiri ndi uja amati mdzukulu wanu wachita ngozi ku tauni, tumizani ya chipatala msanga. Ameneyo agogo ako angagulitse mbuzi tsiku lomwelo. Uwauze mobwereza kuti aliyense wopempha ndalama pa foni amudule, adine 2 kapena 3. Mupanganenso funso la inu awiri, monga dzina limene anakupatsa uli khanda lija, loti wonamizira kukhala iwe kapena mnzako alephere kuyankha.

Ukasintha nambala kumeneko, undiuze tsiku lomwelo kuti ndikakonze batani lija. Ndipo mawa usapite kokatsanzika anzako usanapite kwa agogo. Ndawauza kale kuti ufika m'mawa, atchaje foni.

Ndine mayi ako.